Kompyuta Imene Sindinaloledwe Kuitsegula

Kompyutayo inafika pa Boma m'galimoto la matransipota, aja amanyamula katundu wa anthu a ku Joni. Inali itakulungidwa m'bulangete, pakati pa matilesi a wina ndi mawilo a njinga a wina. Sinali yatsopano. Mwamuna wanga anaigula kwa munthu wogulitsa zakale za m'maofesi, ndipo pamwamba pake panali zipsera zozungulira pamene kalaliki wina ankaikapo kapu ya tiyi. Kumbuyo kwake, pamene chivundikiro chimakumana ndi thupi la bokosi, panali kasitika kasiliva kotalika ngati chala, komatidwa mopingasa. Wofuna kutsegula bokosilo ankayenera kukang'amba kaye.

Sindinailandire ndekha. Kwao kwa mwamuna wanga, kufupi ndi Edingeni, katundu wochokera ku Joni salandira mkazi yekha. Kunabwera alamu anga, mng'ono wake wa mwamuna wanga, kudzaimira banja. Anazungulira bokosilo, nanjuta kumbuyo kwake, naloza kasitikako.

"Alamu, aka mukasamale chomene. Akulu akadzabwera adzafuna kukapeza kali chonchi."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Kuno aliyense ali ndi nkhani ya wailesi kapena kanema wa ku Joni amene anapita kwa mmisiri akungodwala pang'ono, n'kubwerako zam'kati zitasinthidwa ndi zachabechabe. Nchifukwa chake katundu wa munthu amene ali kunja satsegulidwa mwini wake asanalankhule. Kasitika kamene sitolo ina inamata pa zifukwa zakezake kanasanduka mboni ya banja, yoyang'anira ine.

Ine ndine wa ku Dowa. Ndinagwirapo ntchito pa kanyuzipepala kena ku Lilongwe, poyamba kukonza masamba, kenako kulemba nkhani za kukhoti, mpaka kanatsekedwa. Mwamuna wanga atanyamuka kupita ku Joni, makolo ake ankayembekeza kuti ndikakhala kumudzi. Mkamwana amene anamuperekera ng'ombe malo ake ndi pakhomo pa apongozi, kumunda wa chimanga ndi ku nazale ya fodya. Mwamuna wanga ndiye anawauza kuti ndikhale pa Boma chifukwa ndili ndi ntchito ya makina, ndipo makinawo atumiza. Mwa zonse zimene ananena, chifukwa chimenechi chokha ndicho anachimva. Ndinachita lendi kachipinda kogwiriramo ntchito kuseri kwa msika. Ndinkakonza makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, makalendala a makwaya, komanso kulumikiza mavidiyo a maukwati oti atumizidwe kwa abale amene sanathe kubwera. Kukhala kwanga pa Boma kunkadalira bokosi limenelo, ndipo tonse tinkadziwa.

Inadwala mu Seputembala, nyengo ya fumbi ndi ya maukwati. Chifikireni sindinailumikizepo ku intaneti. Anthu ankabweretsa zithunzi pa fulashi kapena pa foni, ine n'kutsitsa ndi chingwe. Tsiku lina kunabwera bambo wina wa ku Mulanje, wocheka matabwa ku Luwawa, amene ankakwatira mtsikana wa kuno. Zithunzi zawo zinali kwa mnzawo amene anazitumiza pa imelo, ndipo zinali zambiri. Ndinalumikiza kompyutayo ku intaneti ya pafoni yanga kuti ndizitsitse molunjika. Zithunzi zinabwera. Koma kompyuta imene yakhala zaka osaona intaneti ikangoiona imayamba kudzitengera yokha zatsopano, osafunsa. Pozimitsa madzulo inalemba kuti ndisachotse magetsi, ikukonza zinthu. Ndinaidikira, ndinatseka chitseko, ndinapita kunyumba.

M'mawa ndinayatsa. Inaonetsa chizindikiro cha poyambira monga mwa masiku onse, timadontho tinazungulira, kenako sikirini inada. Kanyale kakutsogolo kankayaka, mkati munkamveka kulira, koma pa sikirini panalibe kanthu.

Ndinayamba ndi zapafupi. Ndinazula chingwe cha monita n'kuchibwezera. Ndinabwereka monita ya mayi wa fotokope woyandikana nane, nayonso inada pa malo omwewo. Pamenepo ndinadziwa kuti vuto lili m'bokosi. Ndinakhala pa benchi panja ndi foni, kuwerenga zimene anthu a maiko ena analemba atakumana ndi zomwezi. Ambiri analemba kalekale, ndipo ena anamaliza ndi kunena kuti angogula ina.

Nkhani yake ndi iyi. M'kati mwa kompyuta ngati imeneyo muli khadi la zithunzi, kabolodi kokhala ndi kafani kakekake, kamene ntchito yake ndi kujambula zonse zooneka pa sikirini. Kuti khadilo limvane ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta pamafunika kapulogalamu kapakati, kamene amisiri amati dalaivala. Khadi lililonse lili ndi dalaivala wake. Usiku umenewo kompyuta inachotsa dalaivala amene inabwera naye n'kuikapo watsopano, wopangidwira makhadi aposachedwa. Khadi langa lokalambalo silinkamva chimene likuuzidwa.

Pali njira yoyatsira kompyuta yodwala, imene amaitcha sefu modi, imene imasiya khadilo pambali n'kugwiritsa ntchito zinthu zochepa zokha. Kuti ndiifikire ndinayenera kuizimitsa mokakamiza ili pakati poyaka, mobwerezabwereza, mpaka inadzipereka yokha. Sikirini inabwerera, koma zonse zinali zotupa. Zilembo zinali zazikulu ngati za pabolodi la ana a mkaka. Mphete za pa khadi la ukwati zinaoneka ngati mazira. Theka la tsamba linali kunja kwa sikirini, ndipo pulogalamu ya mavidiyo inakana kutseguka n'komwe. Ndikanatha kulemba kalata, koma osati ntchito imene inkandidyetsa.

Pali batani lobwezera dalaivala wakale. Ndinalipeza, koma linali lotuwa, losadinika. Wakaleyo anali atafufutidwa.

Alamu anga anatulukira sabata imeneyo pa njinga yamoto, atabwera kudzagula mankhwala a nkhupakupa. Anandipeza ndikuyesanso kuyatsa mwa nthawi zonse, sikirini ili bii.

"Yafa?"

"Sinafe. Yasokonezeka pulogalamu."

"Ndiye yafa mbwenu." Anapita kumbuyo kwa tebulo, nawerama, nasisita kasitika kaja ndi chala. "Munapita nayo kwa munthu?"

"Palibe waigwira. Ndikukonza ndekha."

"Inu alamu, mumakonzanso? Ife timadziwa kuti mumalemba."

Pasanathe masiku uthenga unabwera kudzera mwa iwo omwewo. Adada, apongozi anga aamuna, akuti pepani ndi makina. Popeza ntchito yatha, palibe chifukwa choti mkamwana azivutika yekha m'tauni. Kumapeto kwa Okutobala galimoto lokatenga feteleza lidzadutsa, lidzanyamule katundu pamodzi ndi ine, mvula isanayambe. Uthengawo unali waulemu kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ndinayesa foni ya mwamuna wanga. Chichokereni Isitala inkangonena kuti nambalayi sikupezeka. Ndinkadziuza zimene akazi onse a pa mzere wathu amadziuza: foni yabedwa, wasintha ntchito, mapepala avuta ndiye akubisala.

Chinatsala ndi kupeza dalaivala wakale. Kampani imene inapanga khadilo inasiya kale kulisamala, koma madalaivala akale amakhalabe m'makona ena a intaneti. Vuto linali dzina. Kompyuta inali itaiwala dzina la khadi lake, inkangoti chipangizo wamba choonetsera zithunzi. Dzina lenileni limalembedwa pa khadi penipenipo, m'kati mwa bokosi, pafupi kwambiri ndi kasitika kaja. Ndinafufuza mpaka ndinapeza malo amene kompyuta imasunga nambala yachinsinsi ya chipangizo chilichonse, mzere wautali wa zilembo ndi manambala. Ndinaukopera pafoni. Unandifikitsa ku mtundu wa khadilo, koma mtunduwo unali ndi madalaivala angapo, ndipo panalibe wondiuza woyenera.

Kutsitsa chinthu chachikulu pa netiweki ya pa Boma ndi ntchito payokha. Kuseri kwa msika sinkagwira bwino, choncho ndinkakwera kabaza kupita cha ku maofesi, n'kukhala pansi pa mtengo foni ili m'manja. Kamzere kankayenda mpaka pafupi ndi mapeto, n'kuduka. Masamba ena anali ndi mabatani aakulu obiriwira olembedwa kuti dinani apa, amene ankabweretsa masewera ndi zonyansa, pamene batani lenileni linali kakang'ono pansi. Ndikabwerera ndi chimene ndapeza, nthawi zina ndinkapeza magetsi azima. Dalaivala wina anakana kulowa, akuti sakuona khadi limene akulidziwa. Wina analowa bwinobwino n'kudetsanso sikirini. Ndinaphunzira kuti zotsalira za woipayo ziyenera kusesedwa kaye zonse usanaike wina, apo ayi amalimbana. Nditasesa, ndinaika wakale kuposa onse, amene ndinkamunyoza chifukwa cha tsamba losaoneka bwino limene ndinamupezapo. Kompyuta inazima n'kuyaka, ndipo zilembo zinabwerera mu msinkhu wake. Mphete zinakhalanso zozungulira.

Chimwemwecho sichinafike madzulo. Ndinailumikizanso ku foni kuti nditumize chitsanzo cha khadi kwa bambo a ku Luwawa, ndipo ili chete inadzitengeranso dalaivala watsopano uja. M'mawa mwake sikirini inali yakuda. Ndinabwereza zonse, kenako ndinapeza pamene amaletsera kompyuta kusintha yokha madalaivala, ndinatseka pamenepo, ndinalumbira kuti sidzaonanso intaneti.

Bambo a ku Luwawa anabwera Loweruka pa lole ya matabwa, utuchi uli m'tsitsi. Ndinawakhazika pa mpando, ndinatsegula khadi lawo, kenako kavidiyo ka chinkhoswe kamene ankafuna kuti ndikalumikize ndi nyimbo. Kunja kunkatentha. Tili mkati moonera, mizere yobiriwira inadutsa pankhope ya mtsikanayo, kenako timabokosi tofiirira, sikirini n'kuphethira.

"Mayi, mkazi wangayo mwamutani?"

"Si ine, ndi makina."

"Kwao anandiuza kuti ndi woyera. Zoti amabiriwira sanandiuze." Anaseka okha, kenako anasiya. "Koma zoona, mayi, zitheka? Ukwati ndi mwezi wamawa. Ku Mzuzu ndi kutali, koma ndikhoza kupita."

"Zitheka. Mubwere Loweruka linalo."

Atachoka ndinagwira chivundikiro cha bokosi. Chinkatentha ngati chitsulo chositira. Ndinaikokera kompyutayo pakati pa tebulo, ndinayatsa tochi ya pafoni, ndinasuzumira m'timabowo ta kumbuyo. Fani yaikulu inkazungulira. Kafani ka pa khadi kanali chiimire, katakutidwa ndi fumbi lofiira lolimba ngati bulangete. Khadilo tsopano linali ndi dalaivala wake, linkagwira ntchito mwamphamvu m'kutentha kwa Okutobala, popanda chozizilitsa. Mankhwala ake anali kumasula masikuluwu a chivundikiro ndi kupukuta ndi kaburashi. Ntchito yosatenga nthawi imene tiyi amazizirira. Koma chivundikiro sichikanachoka kasitika kali kathunthu.

Lolemba ndinakwera galimoto la ku Edingeni.

Apongozi anga aamuna ndi munthu wofatsa, ndipo sanandikalipirepo. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akukonza goli la ng'ombe. Kuno mkamwana salankhula molunjika ndi apongozi ake aamuna. Ndinagwada chapatali pang'ono, pafupi ndi apongozi aakazi amene ankasankha nyemba, ndipo ndinkalankhula kwa iwo, iwo n'kupereka mawu anga kwa amuna awo amene ankamva zonse okha. Alamu anakhala pa njinga yawo yamoto.

Ndinafotokoza kuti makina sanafe. Ndinawakonza, akugwira ntchito, koma m'kati muli kachipangizo kokupiza mphepo kamene katsekeka ndi fumbi. Ndikupempha chilolezo chotsegula ndi kupukuta, alamu ali pomwepo akuona.

Apongozi aakazi anatembenukira kwa amuna awo. "Akuti makina ali ndi fumbi."

"Fumbi lili paliponse chaka chino," anatero apongozi aamuna. "Apukute pamwamba."

Ndinanena kuti fumbilo lili m'kati, ndipo likapanda kuchoka khadi lipsa.

"Akuti akufuna kutsegula."

Anaika goli pansi. Analankhula m'Chichewa chifukwa cha ine, pang'onopang'ono, akuyang'ana mkazi wawo. "Muwauze amama, mkamwana wathuyu, kuti ine sindikuwakayikira. Koma chinthucho si changa, si chawo, si cha mng'ono wakeyu. Mwini wake alipo, ali moyo. Ine ndikalola, mawa iye akapeza china chasowa, ndidzamuyankha chiyani? Alankhule yekha."

Ndinayankha kuti ndikanakonda zimenezo, koma foni yake sikupezeka chichokereni Isitala.

Mawu amenewa apongozi aakazi sanawapereke. Anapitiriza kusankha nyemba. Apongozi aamuna anayang'ana alamu, nagwedeza mutu pang'ono. Alamu anatulutsa foni m'thumba, nadina, naika kukhutu. Sinalire nthawi yaitali.

"Akulu! Mwatandala uli?"

Anatsika pa njinga napita cha ku khola. Ndinakhala chigwadire. Ndinkamva Chitumbuka chothamanga, kenako kuseka kwa alamu, kenako dzina la timu ina ya mpira. Ndinagwira ntchito m'makhoti, ndipo ndimadziwa nkhope ya munthu amene wamva chinthu chatsopano. Pabwalo limenelo panalibe nkhope yotero. Nambala inali ina, ndipo aliyense anali nayo kupatula ine.

Alamu anabwerera akubweza foni m'thumba.

"Akuti isatsegulidwe. Adzaona okha pa Khirisimasi."

"Ndilankhule nawo."

"Ali pa ntchito, alamu. Abwana awo ndi ovuta."

"Anena china?"

"Akuti moni."

Apongozi aamuna anatolanso goli lawo. "Mwamva nokha. Yewo chomene pobwera, amama. Musapite musanadye."

Ndinadya. Ndinatsuka mbale. Apongozi aakazi anandiperekeza mpaka pa msewu, nandipatsa nyemba m'kajumbo, nandionetsa ndi mutu nyumba ya njerwa yosamaliza imene mwamuna wanga ankamanga. Anati chipinda chimodzi chili ndi malata kale, ndipo achikolopa.

Nditabwerera pa Boma ndinabwereka sikuludiraiva kwa wokonza mawotchi, ndinaiika patebulo, ndinakhala ndikuiyang'ana. Ndinkadziwa zimene zikanatsatira. Kasitika kakang'ambika, nkhani sikanakhalanso ya fumbi. Ikanakhala ya mkazi wa m'tauni amene anatsegula katundu wa mwamuna wake ataletsedwa, ndipo chilichonse chodzawonongeka m'tsogolo chikanakhala umboni woti ndinagulitsa zam'kati. Anali atanena kuti ndichoke pa Boma chifukwa makina afa. Ndinaganiza kuti ndikawaonetsa makina amoyo, kasitika kali kathunthu, mawu awo omwe adzawamanga. Ndinabweza sikuludiraivayo.

Ndinabwereka pampu ya njinga kwa wakabaza wa pa siteji. Ku famase ndinagula kapaipi kopyapyala ka diripi, ndinakamangirira kukamwa kwa pampu ndi mphira. Ndinazula magetsi, ndinatulutsa bokosilo pakhonde, ndinalowetsa kapaipiko m'kabowo ka kumbuyo mpaka kanafika pa kafani, mayi wa fotokope atandigwirira tochi.

"Asisi, mukuibaya jakisoni?"

"Unikani pansi pang'ono."

"Ine ndikanangotsegula. Akanadzatani, akanadzakumenyani pa foni?"

Ndinapopa. Fumbi linatuluka m'timabowo tonse, lofiira, lonunkha chitsulo chotentha, mpaka ogulitsa tomato anayamba kutukwana. Lolimba lija silinkachoka ndi mphepo. Ndinathyola kamtengo ka tsache la panja, ndinakalowetsa, ndinakanda pang'onopang'ono pakati pa timapiko ta kafani, n'kupopanso. Dzanja linachita dzanzi. Dzuwa likupendeka, ndinakankha kapiko kamodzi ndi kamtengoko ndipo kafani kanazungulira kokha pang'ono. Nditayatsa kanayamba ndi phokoso lokhwekhwereza, kenako kanakhazikika.

Sindinakhulupirire kafaniko kokha. M'dalaivala wakale uja munali malo ochepetsera mphamvu imene khadi limagwirira ntchito, ndipo ndinatsitsa. Ndinabweretsa fani ya kunyumba n'kuiloza kumbuyo kwa bokosi. Mavidiyo ndinkapanga m'mawa kusanatenthe, makadi masana. Mizere yobiriwira sinabwererenso. Bambo a ku Luwawa anatenga makadi awo ndi kavidiyo kawo, mkazi wawo ali ndi khungu limene anabadwa nalo, ndipo ananditumizira anzawo awiri. Ndinalandiranso pulogalamu ya maliro a mphunzitsi wina ndi kalendala ya kwaya. Ntchito inabwerera monga kale, mwina kuposa.

Galimoto la feteleza linafika Lachisanu chakumasana, kalole koyera kodzaza matumba. Alamu anatsika akudzikuntha fumbi. Ndinali nditakonzeka. Ndinawapatsa mpando, ndinayatsa kompyuta iwo akuona, ndinatsegula vidiyo ya ukwati wina wa ku Embangweni imene ndinkalumikiza.

Anaonera mokondwa. "Uyu ndimamudziwa uyu! Tinali limodzi ku pulayimale. Wanenepa chomene." Anaseka mmene mkwati ankavinira. Vidiyo inatha popanda kuphethira. Anadzuka, napita kumbuyo, nawerama, nayang'anitsitsa.

"Simunatsegule."

"Sindinatsegule."

"Ndiye mwakonza bwanji?"

Ndinawauza mwachidule za dalaivala, za pampu ndi kamtengo ka tsache. Anagwedeza mutu, ndipo ndikhulupirira kuti anagomadi.

"Inu ndinu dolo, alamu. Akulu akamva asangalala." Anayang'ana wotchi ya pafoni. "Basi, zimitsani tinyamule. Woyendetsayu akufuna kubwerera kusanade."

"Tinyamule chiyani? Mwaona nokha kuti ikugwira ntchito."

"Eya, ndaona."

"Munati ndichoke chifukwa yafa."

Anakanda kumutu. Sanali munthu woipa, ndipo sankakonda kutumidwa mawu otere. "Alamu, tsiku lija akulu ananena zambiri. Akuti chinthucho chikhale kunyumba, pamaso pa adada. Ngati yafa, ikadikire iwo. Ngati ili moyo, ndiye kwenikweni, katundu wabwino sakhala kuseri kwa msika. Ndipo inunso mukhale kunyumba."

"Kumudzi kulibe magetsi."

"Adzabwera nazo za sola."

"Bwanji simunandiuze tsiku lomwelo?"

"Munali mutagwada pamaso pa adada. Ndikananena bwanji?"

Choncho masabata onse aja, pansi pa mtengo wa ku maofesi ndi pakhonde ndi pampu, ndinkakonzera mlandu umene unali utagamulidwa kale. Ikanafa ndikanapita kumudzi chifukwa ntchito yatha. Popeza inachira, inkapita kumudzi chifukwa ndi yabwino, ine n'kuitsatira.

Ndinawapempha kuti adikire. Ndinakopera ntchito za anthu pa fulashi: kalendala ya kwaya, vidiyo ya ku Embangweni, zithunzi za omwalira zimene abale anali asanazitenge. Kamzere kankayenda pang'onopang'ono, woyendetsa akuliza hutala panja. Kenako ndinazimitsa bwinobwino, ndinazula zingwe, ndinazikulunga chimodzichimodzi. Alamu ananyamula bokosi, woyendetsa monita. Anaziika pakati pa matumba a feteleza n'kumanga ndi linya.

"Za kunyumba kwanu tidutsira konko," anatero alamu, atatsegula chitseko chakutsogolo. "Kwerani kuno, kumbuyo kuli fumbi."

"Sindikwera."

"Alamu."

"Tengani katundu wa akulu anu. Ine nditsala."

Anayang'ana woyendetsa, kenako mayi wa fotokope amene anaima pakhomo pake atapinda manja. Anatsitsa mawu.

"Musatero, ndapota. Mukudziwa mmene zimvekere. Mukatsala pano popanda makina, mutsala ngati ndani? Adada ndikawauza chiyani?"

"Muwauze zimene mwaona."

"Nanga akulu?"

"Nambala muli nayo ndinu."

Alamu anakwera okha, ndipo galimoto linakhotera ku msewu wa kumadzulo, monita ikugwedezeka pamwamba pa matumba.

Kachipindako ndinabweza kwa mwini wake kumapeto kwa mwezi. Kalendala ya kwaya ndinakamalizira pa kompyuta ya munthu wina wa sitolo ya zolembera, amene ataona mmene ndikugwirira anandilemba ntchito. Kompyuta yake ilibe khadi la zithunzi, mavidiyo singathe, ndipo anthu a maukwati anayamba kupita kwina. Khirisimasi isanafike kunabwera mkulu wa mpingo wa kumudzi kuja, munthu waulemu, atavala jekete m'dzuwa. Anakhala pa benchi ya makasitomala nandiuza kuti banja lakumana, ndipo mwamuna wanga walankhula pa foni onse akumva. Agwirizana kuti palibe amene anandithamangitsa. Chipinda chinakonzedwa, galimoto linatumizidwa, chitseko chinatsegulidwa, ndipo ndinachoka pa banja ndekha. Anandifunsa ngati ndili ndi mawu oti akapereke. Ndinati zimene anenazo n'zoona zonse, palibe choti ndikonze.

Pa Boma ndinatsaladi. Ndikadali pompano, ndimalemba makalata ofunsira ntchito ndi madandaulo a malo, pa tebulo la pakona, kuyambira m'mawa mpaka mwini sitolo atanena kuti tiweruke.